Ndayesetsa kuchepetsa pulasitiki pakhomo, koma kodi zikuthandiza chiyani?

Funso: Ndine mayi wa ana atatu. Chaka chatha ndinayamba kukana majumbo pogula zinthu, ndipo ndinagula zikwama zansalu zinayi ndi botolo lachitsulo. Koma ndikasuzumira m'bini mwathu, mapulasitiki ndi osefukirabe, ndipo mvula ikangogwa ngalande ya kutsogolo kwa nyumba imadzaza mabotolo. Tinakonzapo tsiku lotola zinyalala ndi anzanga, koma patangotha milungu iwiri malowo anali ngati sitinapondepo. Amuna anga akuti ndikungodzivutitsa. Kodi munthu mmodzi angasinthedi kanthu? Ndiyambire pati kuti ndisamangotaya mphamvu?

Yankho: Mayi, amuna anu sakunama kwenikweni, ndipo tiyambire pomwepo. Bungwe la mayiko loona za chuma lotchedwa OECD linawerengera kuti mu 2019 mokha dziko lapansi linapanga mapulasitiki okwana matani 460 miliyoni. Majumbo onse amene mwakana chaka chathunthu sangaoneke n'komwe pamulu umenewo. Pamene bambowo aphonya ndi poganiza kuti nkhani yathera apo. Ndikawerenga kalata yanu ndikuona kuti mphamvu zanu zapita pa zinthu ziwiri zimene phindu lake ndi lochepa, kugula zolowa m'malo mwa pulasitiki ndi kutola zimene zatayidwa kale. Zimene zimabweza phindu lalikulu ndi zina: kudziwa chenicheni chimene chikudzaza bini yanu, ndi kusintha kachitidwe ka zinthu pamalo pamene anthu ambiri amagula, kudya kapena kumwa.

Yambani ndi kuwerenga. Kwa sabata imodzi musataye pulasitiki aliyense. Mutsukuluzeni, muike m'thumba limodzi, ndipo tsiku lomaliza mukhuthulire pansi n'kuunjika zofanana pamodzi. Ana aitaneni, ntchito imeneyi amaikonda. Pafupifupi pakhomo paliponse pamatuluka milu itatu kapena inayi imene imaposa ina yonse, ndipo kawirikawiri si imene mwininyumba ankaiganizira. Ena amapeza mabotolo a madzi ndi a zakumwa, ena mapepala okutira zokhwasulakhwasula za ana, ena timasacheti ta sopo ndi mafuta, ena matewera otaya. Zimenezi sizodabwitsa, chifukwa pafupifupi 40 peresenti ya zinyalala zapulasitiki padziko lonse ndi zokutira ndi zoikamo katundu, zinthu zimene ntchito yake imatha tsiku lomwelo. Milu ikuluikuluyo ndiyo ntchito yanu. Mswachi wa mano, umene mumasintha kangapo pachaka, usakusowetseni tulo.

Za zikwama zansalu zinayi zija, ndikuuzeni mosapsatira: musagule chachisanu. Mu 2011 bungwe la boma loona za chilengedwe ku England, la Environment Agency, linatulutsa kafukufuku woyerekeza matumba osiyanasiyana potengera mpweya wotenthetsa dziko umene umatuluka powapanga. Linapeza kuti chikwama cha thonje chiyenera kugwira ntchito ka 131 kuti chifanane ndi jumbo yopyapyala yogwiritsidwa ntchito kamodzi. Thumba lapepala liyenera kugwira katatu, ndipo chikwama chokhuthala cha pulasitiki wolimba ka 11. Thonje limafuna munda, madzi ambiri, feteleza ndi mankhwala, choncho chikwama chimafika m'manja mwanu chili kale ndi ngongole. Ngongoleyo imabwezedwa ndi kuchigwiritsa ntchito mpaka chitang'ambika, n'kuchisoka, n'kupitiriza. Kafukufukuyo sanawerengere kuipa kwa jumbo ikauluka n'kukatseka ngalande kapena kumezedwa ndi ng'ombe, ndiye sindikunena kuti bwererani ku majumbo. Ndikungonena kuti chinthu chabwino kwambiri ndi chimene muli nacho kale m'nyumba, ngakhale chitakhala chapulasitiki. Ndakumana ndi anthu amene anataya makontena abwinobwino apulasitiki n'kugula agalasi pofuna kusamala chilengedwe. Anawonjezera zinyalala tsiku limenelo.

Nkhani ya jumbo ili ndi kachinthu koseketsa. Jumbo yokhala ndi zogwirira imene tikuidziwayi anaipanga ndi injiniya wa ku Sweden, Sten Gustaf Thulin, ndipo kampani ya Celloplast inalembetsa umwini wake mu 1965. Mwana wake anafotokozapo kuti bambo akewo ankayenda ndi jumbo yopinda m'thumba la chovala, poti cholinga chawo chinali choti munthu aziigwiritsa ntchito mobwerezabwereza kuti mitengo isamathe ndi matumba apepala. Chizolowezi chotaya chinabwera pambuyo, jumbo itatchipa mpaka kumangoperekedwa ulere.

Tsopano milu yanu ija. Ngati waukulu ndi wa mabotolo a madzi, funso loyamba ndi loti n'chifukwa chiyani banja lanu limagula madzi. Ngati ndi chifukwa chokayikira madzi a pakhomo, botolo lachitsulo palokha silithetsa kanthu. Chofunika ndi njira yodalirika yoyeretsera madzi, kaya kuwiritsa, kusefa kapena kuthira mankhwala oyeretsera madzi mwa muyezo wake, kenako aliyense akhale ndi botolo lake lodzazanso. Osaika thanzi la ana pachiswe pofuna kupewa botolo. Kumene madzi ndi osadalirika, chigubu chimodzi chachikulu chokadzazitsanso chimachotsa mabotolo aang'ono ambirimbiri.

Ngati mulu waukulu ndi wa timasacheti ndi timapaketi, apa pali nkhani ya ndalama, ndipo sindifuna kuinyalanyaza. Anthu amagula pang'onopang'ono chifukwa ndalama zimabwera pang'onopang'ono. Vuto la timasacheti ndi loti ambiri amapangidwa pomata mitundu ingapo ya pulasitiki, nthawi zina ndi kachitsulo kopyapyala pakati, ndipo palibe amene amatha kuzilekanitsa mopindula. Otola zinyalala satitola chifukwa tilibe msika. Njira imene imagwira ndi kugula chachikulu n'kugawana: mabanja atatu kapena anayi asonkhe, agule thumba limodzi la sopo waufa kapena chigubu chimodzi cha mafuta, aliyense athire m'kontena yake. Sopo wamtanda nayenso amabwera ndi chokutira chochepa poyerekeza ndi wamadzi wa m'botolo. Pa zokhwasulakhwasula za ana, paketi imodzi yaikulu yogawira m'kakontena tsiku ndi tsiku imaposa timapaketi tisanu. Matewera ndi ovuta, ndipo sindiweruza mayi aliyense pa zimenezi. Ambiri amapeza kuti angathe ansalu masana ali pakhomo, otaya usiku ndi paulendo, ndipo kungotero mulu umatsika kwambiri.

Chimene chimagwetsa anthu ambiri ndi kuiwala, osati kusafuna. Chikwama chikhale pamene pamakhala makiyi kapena foni, ndipo china chopinda chizikhaliratu m'chikwama cha m'manja. Mawu oti "musaike m'jumbo" anenedwe wogulitsa asanatambasule dzanja, chifukwa akaika kale n'kuchotsa, jumboyo nthawi zambiri imapitabe kudzala.

Mwina mukudabwa kuti sindinatchule zotumiza mapulasitiki kuti akasungunulidwe n'kupanganso zinthu zina. Ndachita dala. Mu 2017 ofufuza atatu a ku America, Roland Geyer, Jenna Jambeck ndi Kara Lavender Law, anawerengera mapulasitiki onse amene anapangidwa kuyambira mu 1950 mpaka 2015 ndipo anapeza matani 8.3 biliyoni. Mwa amenewo, matani 6.3 biliyoni anali atasanduka kale zinyalala, ndipo 9 peresenti yokha ndi imene inapangidwanso. Ina 12 peresenti inatenthedwa, ndipo 79 peresenti inali kudzala kapena mbwee m'chilengedwe. Chifukwa chake n'chakuti pulasitiki si chinthu chimodzi. Tayang'anani pansi pa botolo kapena kontena, muona kanambala mkati mwa timivi titatu. Manambala amenewa anayambitsidwa mu 1988 ndi bungwe la makampani opanga mapulasitiki ku America, ndipo amangonena mtundu wa pulasitiki, salonjeza kuti pali amene adzamugule. Nambala 1, ya mabotolo a madzi ndi zakumwa, ndi nambala 2, ya zigubu zolimba, ndi zimene zili ndi msika m'mayiko ambiri. Nambala 5 imagulidwa m'malo ena. Nambala 3, 6 ndi 7 kawirikawiri zilibe kolowera. Ngakhale amene amagulidwayo, akasungunulidwa amatsika mphamvu, moti botolo nthawi zambiri limasanduka ulusi wa chovala kapena kapeti, ndipo ulendo wake umathera pomwepo. Mayiko olemera kwa zaka zambiri ankabisa vutoli potumiza zinyalala zawo ku China, mpaka dzikolo linatseka khomo kumayambiriro kwa 2018. Choncho patulani mabotolo ndi zigubu, zitsukuluzeni, mupatse amene amazitola, koma musaganize kuti kutero kwafafaniza kugula.

Chenjeraninso ndi majumbo olembedwa kuti amawola okha. Imogen Napper ndi Richard Thompson a pa yunivesite ya Plymouth anakwirira majumbo otere m'nthaka, ena anawamiza m'nyanja, ndipo mu 2019 analengeza kuti patatha zaka zitatu ena mwa iwo ankathabe kunyamula katundu osang'ambika. Ambiri olembedwa kuti angasanduke manyowa amafuna kutentha kwa m'mafakitale opangira manyowa, kumene dzenje la kuseri kwa nyumba silifikako. Ena amangophwanyika kukhala tizidutswa. Thompson yemweyu ndi amene mu 2004 anatchukitsa dzina lachingerezi loti microplastics la tizidutswa totere, tochepera mamilimita 5, timene masiku ano tikupezeka m'madzi, m'nthaka, mu nsomba ndi m'matupi a anthu. Pulasitiki akasowa m'maso sikuti watha, wangochepa msinkhu.

Chinthu chimodzi ndikupemphani ndi mtima wonse: musatenthe. Ndikudziwa kuti kumene galimoto yotola zinyalala sifika, moto umaoneka ngati ukhondo. Koma moto wa pabwalo sutentha mokwanira, ndipo utsi wake umakhala ndi timwaye tolowa mpaka m'kati mwa mapapo. Pakakhala pulasitiki wa nambala 3, wa mapaipi ndi zokutira mawaya, pamatulukanso poizoni wotchedwa dioxin, amene amatsalira m'phulusa ndi m'nthaka n'kulowa m'mazira ndi mumkaka wa ziweto zodya pamenepo. Kuyatsira mbaula ndi jumbo n'chimodzimodzi, ndipo wopuma utsiwo ndi wophikayo ndi mwana ali pambali pake. Ngati palibiretu kopita nazo, kuzipsinya n'kuzisunga m'thumba pouma, kapena kuzikwirira pamalo amodzi kutali ndi chitsime ndi mtsinje, n'kwabwinoko kusiyana ndi moto. Zotsala za chakudya muzizipatula n'kupangira manyowa. Zikachoka zimenezo, zotsalazo sizinunkha ndipo zingadikire nthawi yaitali.

Tibwere ku ngalande yanu, kumene kuli nkhani yaikulu. Tsiku lotola zinyalala silinalephere, linangochita zimene limatha. Kutola kokha kuli ngati kutunga madzi ndi dengu ngati kumene zinyalalazo zikuchokera sikunasinthe. Phindu lenileni la tsiku lotere ndi umboni umene limapereka. Pa 3 May 2008 anthu pafupifupi 50,000 ku Estonia anatola matani pafupifupi 10,000 a zinyalala m'maola ochepa, ndipo chimene ambiri amaiwala n'chakuti asanatole anayamba alemba pamapu malo onse otayapo zinyalala mozembera. Inunso mukadzatolanso, muwerenge. Mabotolo angati, a zakumwa ziti, timbale tonyamulira chakudya tingati, zotsalira za ndudu zingati. Zotsalira za nduduzi anthu amaziyesa thonje, koma ndi pulasitiki, ndipo kwa zaka zambiri zakhala m'gulu la zinthu zotoledwa kwambiri pa ntchito yoyeretsa magombe imene bungwe la Ocean Conservancy lakhala likutsogolera kuyambira mu 1986. Mukawerenga mudzaona kuti zambiri zikuchokera pamalo awiri kapena atatu: pokwerera basi, pageti la sukulu, pogulitsira zakudya zonyamula. Pamenepo muli ndi poyambira kukambirana, ndipo muli ndi manambala oti muonetse akhonsolo m'malo mwa dandaulo chabe.

N'chifukwa chiyani ndikukakamira zosintha kachitidwe ka pamalo m'malo molalikira anthu? Chifukwa umboni wake ndi wamphamvu. Mu March 2002 dziko la Ireland linaika msonkho wa masenti 15 pa jumbo iliyonse, ndipo chiwerengero cha majumbo amene munthu mmodzi ankagwiritsa ntchito pachaka chinatsika kuchoka pa 328 kufika pa 21. Anthu a ku Ireland sanasanduke okonda chilengedwe usiku umodzi. Chimene chinasintha ndi choti jumbo inasiya kubwera yokha, munthu ankayenera kuipempha ndi kuilipira. England inachita zofanana mu October 2015 ndi mapeni 5, ndipo m'masitolo akuluakulu majumbo anatsika ndi 95 peresenti ndi kupitirira. Ku Germany botolo lotaya limakhala ndi chikole cha masenti 25 chimene munthu amabwezeredwa akabweza botololo, ndipo mabotolo oposa 95 pa 100 aliwonse amabwerera. Ngakhale wina alitaye, wina amalitola, poti lasanduka ndalama.

Mayiko ena analetseratu. Bangladesh inayamba mu 2002, itaona kuti majumbo otseka ngalande anakulitsa kusefukira kwa madzi, vuto lomwelo limene mukuliona pakhomo panu. Rwanda inaletsa mu 2008, Kenya mu 2017 ndi chilango chofika zaka zinayi m'ndende kapena chindapusa cha mashilingi 4 miliyoni. Chiletso chimagwira pamene pali cholowa m'malo chotchipa ndiponso pamene boma silitopa kulondola, apo ayi majumbo amabwerera mwakachetechete. Chilinso ndi zotsatira zosayembekezeka. Katswiri wa zachuma Rebecca Taylor anapeza kuti m'madera a ku California kumene analetsa majumbo, anthu anayamba kugula matumba oikamo zinyalala, poti kale ankagwiritsa ntchito majumbo aulere aja, ndipo zimenezi zinabweza pafupifupi magawo atatu mwa khumi a pulasitiki amene anachotsedwa. Phindu linatsalabe, koma locheperapo kusiyana ndi limene ankaliyembekezera.

Inu simungakhazikitse msonkho, koma nzeru yomweyo imagwira pamalo aang'ono. Sankhani malo amodzi amene mawu anu amamveka. Kusukulu ya ana anu, chigubu kapena mpopi wa madzi abwino akumwa ndi lamulo loti mwana aliyense azibwera ndi botolo lake zimachotsa mabotolo ochuluka pa teremu imodzi kuposa amene banja lanu lingapewe m'zaka khumi. Kuntchito, makapu ndi masipuni otsuka alowe m'malo mwa otaya, ndipo pakhale dongosolo lodziwika la wotsuka, chifukwa njirayi imafera pasinki. Gulu la anthu oyandikana lingasonkhe n'kugula mbale ndi makapu olimba okwana anthu 100, n'kumabwerekana pakakhala phwando kapena msonkhano. Ndimaikonda kwambiri njira imeneyi chifukwa imapulumutsa ndalama poyera, ndiye safunika kukopedwa ndi nkhani za nyanja ndi akamba. Kwa wogulitsa amene mumagulako kawirikawiri, pempho laling'ono ndi loti azifunsa kaye "mukufuna jumbo?" asanaike. Majumbo amawagula ndi ndalama zake, choncho mukamuonetsa kuti apindula, savuta. Mukapita ngati wodzamuphunzitsa, mudzabwerako chimanjamanja.

Musaiwale anthu amene amatola mabotolo ndi zitsulo kuti akagulitse. M'mizinda yambiri ya ku Asia, Africa ndi Latin America, gawo lalikulu la mapulasitiki amene amapangidwanso limadutsa m'manja mwawo. Ku Pune, m'dziko la India, otola zinyalala anapanga kopaletivi yotchedwa SWaCH imene inagwirizana ndi khonsolo ya mzindawo kuti izitola khomo ndi khomo. Afunseni a kwanuko kuti amagula ziti ndipo amafuna zitakonzedwa bwanji. Iwo amadziwa msika kuposa kabuku kalikonse. Mabanja 20 akamasunga mabotolo oyera pamalo amodzi tsiku lodziwika, wotolayo amabwera yekha osaitanidwa, ndipo mabotolo amenewo safika m'ngalande. Pali phindu linanso la thanzi: botolo, chitsekerero kapena kapu yotayidwa ikasunga timadzi ta mvula, udzudzu wa mtundu wa Aedes, umene umafalitsa matenda a dengue ndi chikungunya, umaswana mmenemo. Mfundo imeneyi imagwira mtima anthu amene nkhani ya chilengedwe siwakhudza.

Pamwamba pa zonsezi pali nkhani ya opanga. Mu March 2022, ku Nairobi, mayiko 175 anagwirizana zoyamba kukonza pangano la dziko lonse lothana ndi kuipitsa kwa mapulasitiki. Zokambirana za ku Busan kumapeto kwa 2024 ndi za ku Geneva mu August 2025 zinatha popanda mgwirizano, makamaka chifukwa chosamvana ngati pangano liyenera kuika malire pa kuchuluka kwa pulasitiki wopangidwa. Mayiko odalira mafuta okumba pansi, amene ndi gwero la pafupifupi pulasitiki yense, sakufuna malirewo. Choncho musadzisenzetse mlandu wonse. Mukamalankhula ndi khansala kapena phungu, pemphani zinthu zotchulika: kutola zinyalala pa tsiku lodziwika, chikole pa mabotolo, ndi lamulo loti kampani yoika katundu m'pulasitiki izilipirako ntchito yotola.

Pali mapulasitiki amene sindikufuna muwadane nawo. Majakisoni otaya, matumba a magazi, mapaipi a madzi, maneti oteteza ku udzudzu ndi zosungira mankhwala zapulumutsa miyoyo yosawerengeka. Ngakhale pa chakudya, chokutira chimene chikuteteza nyama kapena mkaka kuti zisawonongeke nthawi zambiri chimawononga chilengedwe pang'ono poyerekeza ndi kutaya chakudyacho. Amene tikulimbana naye ndi uja wogwira ntchito mphindi zochepa pomwe china chikanatha kugwira ntchito yomweyo.

Za bambo a kunyumbako, musalimbane nawo ndi mawu. Sabata yowerenga ija ikatha, apatseni iwo cholembera, alembe okha kuti mulu uliwonse uli ndi zinthu zingati ndipo zinadya ndalama zingati. Mudzabwerezenso patatha miyezi itatu. Ndipo mvula isanayambe, inu ndi anzanu aja mutolenso m'ngalandemo, koma ulendo uno mutenge kope, mutsate ngalandeyo chokwera mpaka mupeze pamene mabotolowo akulowera.